Tsiku Limene Katumbu Ananyowa

Padangotero. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale ena ndikukuonani mwayamba kale kusinza.

Panali Likongwe. Paunyamata wake anali tambwali wodziwika tsidya lino ndi tsidya linalo, woti akakupatsa moni wansangala umathamangira kukhola kukaona ngati nkhuku zikadalimo. Koma pa nthawi ya nthano yathuyi anali atakula. Ubweya wakumchira unali utayamba kuthothoka, ndipo nyamakazi inali itamanga nyumba m'maondo mwake. Nzeru zokha ndizo zinatsala, koma nazonso ankachita kuzidzutsa ngati galu waulesi.

M'mudzi mwawo munali mwambo. Chaka chilichonse akatha kukolola, amuna ankakwera bwato lalikulu n'kupita kudambo lakutali, kopanda mudzi, kosamveka ngakhale tambala. Kumeneko ankamanga misasa ya bango n'kumagona komweko mpaka madengu atadzaza ndi milamba yowamba. Ina ankadya, ina ankasinthanitsa ndi mapira kwa anzawo akumapiri.

Onena tsiku lonyamuka anali awiri: Katumbu, kapitao wa bwato, ndi Tsekwe, nduna yoona za nyengo. Opalasa anali Likongwe, mnzake Nyani, ndi ena aubweya ngati iwo.

Chaka chimenecho chiperoni chinabwera msanga n'kukhazikika ngati mlendo wopanda manyazi. Mvula yake sinali yoti n'kuitchula mvula. Inkangowaza, kuwaza, lero, mawa, mkuja, pamodzi ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Nkhuni zinkangofuka utsi. Ndiye m'nyengo yotereyi Katumbu anaitanitsa amuna onse padoko.

"Mawa tikunyamuka," anatero.

Opalasa anayang'anana, kenako onse anayang'ana Likongwe.

"Akapitao," anatero Likongwe, "kunjaku mukukuona?"

"Ndikukuona. Kwatani?"

"Kukuzizira."

Katumbu anatembenukira kwa Tsekwe. "Anduna, akuti kukuzizira. N'zoona?"

Tsekwe anatambasula phiko, timadontho ta mvula tinagubuduka n'kugwera pansi. "Kamphepo kayaziyazi basi. Nyengo yabwino yoyendera imeneyi, munthu sutuluka thukuta."

"Mwamva nokha," anatero Katumbu. "Komanso madzi akuphwera. Tikachedwa, khwawa lolowera kudambo liuma, bwato silidutsa. Nkhokwe za chaka chino mwaziona mmene zilili. Tikakhala, ana anu adzadya chiyani?"

Zinali zoona. Koma Likongwe ankakumbukira mlamu wake Mbira, amene anapita nawo kudambo m'nyengo ngati yomweyi, nabwerako akutsokomola, ndipo sanaone mvula yodzalira. Anagwira maondo ake n'kunena chamumtima: "Dzuwa litangotuluka kaye. Tikhale pang'ono chabe, dzuwa lituluke."

M'mamawa, anthu asanatsegule zitseko, Likongwe anatsikira padoko akutsimphina. Pansi pa bwatolo panali chigamba chakale. Anachikanda, anachiluma, mpaka chinazuka. Pamene amuna ankafika ndi akatundu awo, bwato linali litadzaza madzi mpaka m'milomo.

"Kalanga ine!" analira Likongwe atagwira kumutu. "Bwato lakana ulendo, Akapitao. Mtengo ukakalamba umadziwa zinthu."

"Mtengo sudziwa kanthu," anatero Katumbu. Anadumphira m'madzi, chubwi, n'kuvuuka akuseka. "Ndi kabowo chabe. Ndimata ndi phula. Inu opalasa, tengani zipande mukape madziwa. Tinyamuka mawa."

Tsiku lonse opalasa anaima m'madzi ofika m'chiuno, akukapa. Zala zinachita dzanzi. Kuti manja asaime, Nyani anayambitsa nyimbo yawo yopalasira. Inali nyimbo yokoka, yopanda chimwemwe, yoyenda ndi kugwa kwa nkhafi m'madzi. Woyambitsa ankafunsa madzi kuti opalasa anawatuma ndani kuno, ndipo ovomera ankayankha motsitsa mawu kuti wowatumayo ali gwa, wouma ngati chikuni cha patsindwi. Katumbu ankaikonda nyimboyi. Ankagwedeza mutu, mchira ukumenya pansi.

Likongwe anafika kunyumba madzulo akukwawa.

"Mwaphula chiyani?" anafunsa mkazi wake Nangozo.

"Tsiku limodzi."

"Ndi maondo otupawo?"

"Ndi maondo otupawa."

M'mawa mwake Likongwe analawiriranso. Anatuta nkhafi zonse, imodzi imodzi, n'kukazilowetsa m'dzenje la pachulu, pakamwa pake n'kutsekapo ndi zinyalala. Msana unkalira, koma anapirira.

"Nkhafi zapita ndi madzi, Akapitao," anatero amuna atasonkhana. "Dzulo bwato, lero nkhafi. Akuluakulu amati chinthu chikakuletsa kawiri, khala pansi."

Katumbu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mitengo yatha kuthengo?"

"Ayi, koma ndi yonyowa."

"Nkhafi imagwira ntchito m'madzi, sidana ndi kunyowa. Tengani nkhwangwa ndi sompho. Tinyamuka mawa."

Tsiku lonse opalasa anali kuthengo, akudula ndi kusema, madzi a m'masamba akuwadonthera m'khosi. Nyani anayambitsanso nyimbo ija, koma tsopano inkatuluka mwapang'onopang'ono ngati ng'ombe yokana goli. Funso linali lomwelo, yankho lomwelo, koma ovomera ena ankangong'ung'udza osatsegula pakamwa.

Pobwerera Nyani anayenda pafupi ndi Likongwe.

"Mnzanga, leka."

"Ndileke chiyani?"

"Usandipusitse, tinakulira limodzi. Chigamba chija chili ndi mano ako. Nzeru zakozi zikutipha tisananyamuke n'komwe. Bola tipite tikafere komweko, kusiyana n'kufera padoko ana akuonerera."

Likongwe anangopitiriza kutsimphina. Analibe mphamvu ngakhale yonamira.

Atafika kunyumba anakhala pakhomo, atadzipinda ngati nkhata. Tsidya la bwalo anaona Katumbu akuyenda pamvula, chifuwa chili patsogolo, madzi akutsetsereka pa ubweya wake ngati pa tsamba la koko. Pafupi naye Nangozo ankatsuka mbale imene anadyeramo nyama yonona. Anathira madzi, mafuta anakana. Anatapa phulusa, anapukuta nalo, mbale inayera mbee.

Likongwe anadzutsa mutu.

"Nangozo, wachita bwanji pamenepo?"

"Ndatsuka mbale. Mwayamba liti kufunsa za mbale?"

"Mafutawo apita kuti?"

"Phulusa ndi mafuta sizikhalira pamodzi, abambo. Ngakhale mwana amadziwa."

Likongwe anayang'ananso Katumbu, nayang'ana mbale. Galu waulesi uja m'mutu mwake anaimika makutu.

"Undichezere chidulo," anatero. "Chodzaza mtsuko. Chikhale chaukali."

Nangozo anaika mbale pansi. Chidulo, paja, ndi madzi odontha m'phulusa, amene amayi amathira pang'ono chabe m'therere kuti lifewe. "Mtsuko wathunthu? Therere lake la mudzi wonse?"

"Cheza basi."

"Mwakula, abambo. Mwala woponya m'mwamba sudziwa mutu wa mwini wake."

Koma anacheza.

Kutacha Likongwe anasenza mtsuko n'kupita kwa Katumbu. Ankadziwa kuti kapitao saopa mphepo, saopa mafunde, koma pali mmodzi amene dzina lake lokha limamuumitsa pakamwa.

"Odi, Akapitao."

"Lero chasowa n'chiyani, aLikongwe? Mtsinje?"

"Palibe chasowa. Lero tipite ndithu, ine ndagonja. Koma ndalota zoipa. Ndalota Ng'ona atagona pakhwawa paja, akutokosa m'mano ndi ndevu zanu."

Katumbu anagwira ndevu zake.

"Maloto chabe," anatero, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Mwina. Koma tikakutayani inu, ife tibwerera bwanji? N'chifukwa chake ndabwera ndi mankhwala amene anandisiyira malume anga. Mukasamba thupi lonse, Ng'ona samva fungo lanu, mumangodutsa pamphuno pake ngati chitsotso."

"Ali ndi chizimba?"

"Chimodzi chokha. Mukasamba, musadzinyambite, musadzipese, musadzole kanthu mpaka titafika kudambo."

Katumbu anasuzumira kunja kuti aone ngati pali womuona, n'kulowa kuseri kwa nyumba. Likongwe anamuthira chidulo kuyambira kumutu mpaka kumchira, akumukhula ndi chitsononkho, mumsana, m'khwapa, pamimba. Ubweya wonyezimira uja unasanduka ngati chiguduli.

Atatuluka pabwalo, mvula yowaza ija inamugwera. Koma ulendo uno sinagubuduke. Inalowa.

Katumbu anaima chilili.

"ALikongwe, chikundiluma n'chiyani?"

"Pati?"

"Paliponse. Ngati singano. Ngati nyerere za m'madzi."

"Oo, kameneko," anatero Likongwe mofatsa. "Ndi kamphepo kayaziyazi kaja, Akapitao. Ife timakatchula kuti kuzizira."

Anatsikira limodzi padoko. Likongwe ankayenda pambuyo, akumwetulira chamumtima. Ankaona mapewa a Katumbu akunjenjemera, ndipo ankadziwa kuti mawu amene wakhala akuwadikira ali pafupi kutuluka. Akangoti ulendo walephereka, iye abwerera kukaotha moto.

Koma padoko panali mudzi wonse. Amayi anali atabweretsa kamba wapaulendo. Ana anali atakwera pamiyala kuti aone bwino. Tsekwe anali ataima pamphumi pa bwato, khosi lili njo.

"Akapitao, mwaoneka bwanji lero?" anafunsa Tsekwe. "Kapena nanunso mwayamba kuopa kamphepoka?"

Ena anaseka. Katumbu anayang'ana anthu, anayang'ana madzi. Mano ankagundana, gwegwegwe. Likongwe anatchera khutu.

"Kwe-kwerani," anatero Katumbu.

Likongwe anasiya kumwetulira. Anali atayeza mafuta a Katumbu, koma anaiwala kuyeza manyazi ake.

Anakwera. Tsekwe anauluka kutsogola, akuti akawapeza kudambo. Bwato linasiya doko, mphepo ikuwamenya kumaso. Katumbu, amene masiku onse ankaima kumbuyo akufuula malamulo, anakhala pansi atakumbatira maondo. Nyani anayambitsa nyimbo. Anafunsa madzi funso lija, ndipo opalasa anavomera za wowatuma wouma uja, nkhafi zikugwa pamodzi, mawu ali pansipansi ngati a anthu obwera kumanda. Mchira wa Katumbu sunamenye pansi.

"Nyani," anatero nyimbo itaduka, "nyimboyi mumaimba chaka chilichonse?"

"Chaka chilichonse, Akapitao."

"Mawu ake ndi omwewa?"

"Omwewa."

Katumbu anayang'ana ubweya wake wonyowa.

Dzuwa likanakhalapo bwenzi lili paliwombo pamene anafika pakhwawa lolowera kudambo. Madzi anali ataphweradi. Bwato linakhula pansi, khwee, n'kuima pamatope. Opalasa anakankha ndi nkhafi, koma linakana.

Pamalo pamenepa, chaka ndi chaka, Katumbu ndiye ankadumphira m'madzi, kufukula matope kunsi kwa bwato n'kulikankha. Onse anatembenuka kumuyang'ana. Likongwe anafuna kunena kuti, "Musatero," koma akanafotokoza bwanji? Asanapeze mawu, Katumbu anadzuka mwa ulemu wa udindo wake n'kudziponya m'madzi.

Anamira. Anavuuka kamodzi, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa koma osatuluka mawu. Miyendo yake, imene inkadula madzi ngati mpeni, inali itauma. Anamiranso kumbali yakuya, ndipo panangotsala thovu.

"Akusewera?" anafunsa wina.

"Sakusewera," anatero Likongwe.

"Ine kusambira sindidziwa!" anafuula Nyani. Enawo anangogwirana.

Likongwe anayang'ana madzi akudawo. Anayang'ana maondo ake. Anapuma mpweya wautali wa munthu amene watopa ndi zochita zake zomwe, n'kudumpha.

Madzi anamumenya ngati chibonga. Anafufuza ndi manja mumdima wa matope mpaka anagwira chikopa cha pakhosi. Katumbu anali wolemera ngati mtondo. Likongwe anakoka, anamwa madzi, anakokanso, mpaka mutu wake unatuluka. Nyani anamutambasulira nkhafi, iye anailuma ndi mano chifukwa manja onse anali pa Katumbu, ndipo opalasa anawakokera onse awiri m'bwato ngati milamba iwiri.

Katumbu ankapuma, koma osalankhula. Milomo inali itachita bii.

"Tsopano titani?" anafunsa Nyani. "Kapitao ndi uyu wagonayu. Nduna yauluka."

"Tembenuzani bwato," anatero Likongwe.

"Lakakamira pamatope."

"Ndiye tsikani, tikankhe."

Anatsika onse, madzi ofika m'khosi, kukankha, kuterereka, kukankhanso, mpaka bwato linamasuka. Anamukulunga Katumbu m'mphasa zonse zimene ananyamula, ndipo Nyani anamufungatira ngati khanda kuti amupatse kutentha. Otsalawo anapalasa kubwerera, molimbana ndi madzi. Panalibe woimba. Likongwe ankapalasa maso ali chitsinzire, nkhafi ikulowa, nkhafi ikutuluka, osadziwanso ngati manjawo ndi ake.

Nyumba yapafupi ndi doko inali ya Likongwe, choncho Katumbu anamugoneka momwemo. Chibayo chinamugwira. Ankatentha ngati ng'anjo, kenako n'kuzizira ngati mwala, akubwebweta za Ng'ona. Nangozo anamudzoza mafuta a nsatsi m'mawa ndi madzulo, n'kumamumwetsa phala ndi chipande. Likongwe, akutsokomola yekha, ankayendayenda m'mudzi kupempha nkhuni zouma, kuwaza, kukoleza, kupemerera. Moto umene ankaulakalaka uja tsopano unali m'nyumba mwake, waukulu, koma wootha anali wina. Iye ankakhala kukhomo, akumvetsera mpweya wa wodwala. Ukachedwa kutuluka, mtima wake unkaima nawo. Paunyamata anaba nkhuku, ananamiza akuluakulu, koma sanaphepo munthu.

Nangozo ankangomuyang'ana cham'mbali akamadutsa. Kuyang'ana kwakeko kunkapweteka kuposa nyamakazi.

Patapita masiku, kutentha kunatsika. Katumbu anadzuka, anakhala tsonga, anapempha chakudya. Ubweya unali utayambanso kunyezimira. Tsiku limenelo Nangozo ankaphika therere, ndipo anatapa chidulo pang'ono n'kuthira mumphika. Katumbu ananunkhiza. Ananunkhizanso.

"Mayi, mwathiramo chiyani umo?"

"Chidulo, Akapitao."

Katumbu anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Likongwe.

"ALikongwe, mankhwala a malume anu aja amathiranso m'therere?"

Likongwe anatsegula pakamwa. Anafufuza bodza m'mutu monse, koma galu uja anali atagona tulo tofa nato. Anangoweramitsa mutu.

"Itanani mudzi," anatero Katumbu.

Anthu anasonkhana padoko, mvula ikuwazabe. Likongwe anali atauza kale Nangozo kuti amange katundu, pakuti ankadziwa kuti awapirikitsa. Katumbu anaima atatsamira ndodo.

"Abale anga," anatero, "ine ndinabadwa wosanyowa. Anduna a Tsekwe chimodzimodzi. Zaka zonsezi ife awiri takhala tikukuuzani kuti kunja kuli bwino, ndipo sitinkanama, kwa ife kunali bwinodi. Tsopano ndalawa chimene inu mumadya chaka chilichonse. Sindifuna kuchilawanso." Anatsokomola. "Amene anandilawitsa ndi uyu. Amene anandivuula ndi yemweyu. Ndaganiza chomuchita. Kuyambira lero, bwato ndiyendetsa ndine, koma wonena tsiku lonyamuka akhala Likongwe. Iye amanyowa, ndiye adziwa."

Tsekwe anafuna kutsutsa, koma m'manja munali mutawombedwa kale, amayi akululutira. Likongwe anadzutsa mutu osakhulupirira. Anayembekeza chikoti, walandira mpando! Anabwerera kunyumba akutsimphina monyada.

"Masula katundu, Nangozo. Tsopano tikhala mpaka dzuwa lituluke."

"Tiona," anatero Nangozo.

M'mawa mwake, asanasukusule n'komwe, kunamveka odi. Anali mkazi wa Nungu, mwana ali kumsana.

"Pepani, bambo. Ndimati ndifunse, anyamuka liti? Kwathu tayamba kugonera masamba okhaokha."

"Dzuwa likatuluka, mayi."

"Lituluka liti?"

Likongwe anayang'ana kumwamba. Mayiyo atangochoka, anafika Nyani.

"Mnzanga, usatitumize. Chifuwa changa chikulira ngati mvukuto. Paja ndiwe mmodzi wa ife."

Nyani atachoka, Tsekwe anatera pakhomo. "Ndachokera kukhwawa. Madzi atsikanso. Ine ndangonena, oweruza ndinu."

Mawa lake anabweranso onse atatu, ndi ena pambuyo pawo. Mkuja chimodzimodzi. Wina ankabwera ndi mwana wowonda, wina ndi chifuwa. Wina ankati, "Mukatichedwetsa, mwatipha ndi njala." Wina ankati, "Mukatitumiza, mwatipha ndi chisanu." Ndipo onse ankanena zoona. Likongwe ankatuluka m'mawa uliwonse, kuima ndi miyendo yakumbuyo, kuyang'ana kumwamba. Kumwamba kunali phulusa lokhalokha. Chakudya chinasiya kulowa. Akatseka maso ankaona bwato litakakamira pamatope, akawatsegula ankaona nkhokwe zopanda kanthu.

Pomaliza anapita kwa Katumbu. Anamupeza pakhonde akupesa ubweya wake mosamala, tsitsi limodzi limodzi.

"Akapitao, tengani mpando wanu."

"Wakulemerani?"

"Nkhafi ndi yopepuka."

"Ndikudziwa," anatero Katumbu osasiya kupesa. "Kale unkandipepukira chifukwa ndinkaona mbali imodzi yokha. Inu mukuona zonse ziwiri. Ndiye woyenera ndinu."

"Ndapota nanu. Ndinyozeni, ndimenyeni, koma izi ayi."

"Pitani bwino, aLikongwe. Mukanena tsiku, mundipeza padoko."

Likongwe anafufuza nzeru yoti athawire. Koma munthu ungabise nkhafi kwa kapitao, ungazibise bwanji kwa iwe mwini?

Tsiku lina kunacha mvula itachepa. Sinaleke, inangochepa. Mphepo inali ikadalipo. Tsekwe anatera n'kunena kuti pakhwawa patsala madzi ongokwanira mimba ya bwato, ndipo akagona kawiri sipadutsikanso. Mudzi wonse unatsikira padoko osaitanidwa. Likongwe anaima ndi miyendo yakumbuyo nthawi yaitali. Anayenda kulowera kubwato, anaima, anabwerera, anaimanso.

"Tipita lero," anatero pomaliza, mawu ali otopa. "Koma mverani. Nyumba iliyonse ipereke nkhuni zouma, tizikulunge m'mphasa. Aliyense atenge chikopa chofunda. Amene akutsokomola magazi atsale, gawo lake tidzamupatsa. Tikafika, msasa ndi moto choyamba, nsomba pambuyo. Ndipo wina akangodwala, tikubwerera, madengu adzaze asadzaze."

Nyani anamuyandikira.

"Wanena ndiwe, mnzanga?"

"Ndine."

"Nanga tsopano tizidandaulira yani?"

"Dandaulirani ine," anatero Likongwe. "Inenso ndizidzidandaulira ndekha."

Anakwera woyamba, n'kutenga nkhafi yake.

Anapita. Pakhwawa anadutsa movutikira, bwato likukhula pansi. Kudambo chiperoni chinawapeza n'kukhala nawo mpaka tsiku lobwerera. Anagona mothithikana ngati ana a mbewa, utsi ukuwaliza maso, milamba ikukana kuuma. Pobwerera, pakhwawa bwato anachita kulikoka pamatope. Anabwerako madengu ali theka, matupi ataonda, Likongwe atachita kunyamulidwa potsika m'bwato. Koma onse amene anakwera anatsika ndi moyo, ndipo theka lija linaufikitsa mudzi ku zokolola zina, ngakhale movutika.

Panalibe amene anamuthokoza. Amayi ankati akananyamuka msanga madengu akanadzaza. Opalasa ankati akanadikira pang'ono dzuwa likanatuluka. Ndipo chaka chotsatira, atangotha kukolola, odi anayambiranso pakhomo pake.

Mpando uja sunachoke pabanja pake. N'chifukwa chake mpaka lero ukakumana ndi likongwe panjira, umamuona akuthamanga pang'ono, n'kuima ndi miyendo yakumbuyo, kuyang'ana uku, kuyang'ana kumwamba, ngati abwerera, ngati apitirira. Ana amati akuopa anthu. Sakuopa anthu ayi. Akuganiza ngati apite kapena akhale, ndipo akudziwa kuti chilichonse chimene asankhe, wina adandaula.

Yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, kapena yasanduka kale khala.